Wothawa Nkhondo ndi Mankhwala Ake a Tsiku ndi Tsiku

Munthu aliyense amene anakhalapo ku Nsefu m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, pamene mvula yakhazikika m'chigwa cha Luangwa ndipo mitsinje ya Msandile ndi Lupande yadzaza mpaka kusefukira m'minda, adziwa kuti madzi akafika pakhomo usiku sapereka mpata woti mwininyumba asankhe bwino katundu wake. Mayi amabereka mwana nasenza kathumba ka ufa. Bambo amagwira bulangete, nkhwangwa ndi mbuzi ngati ilipo. Ndipo onse amalunjika kumtunda, ku sukulu kapena ku tchalitchi, kumene adzagona mothithikana kufikira madzi ataphwa. Zotere zinachitika pa chigumula chachikulu cha 2007, zinachitikanso mu Januwale 2020 pamene mabanja ambirimbiri m'boma la Mambwe anasiya nyumba zawo, ndipo zaka zina zimachitika mwakachetechete m'midzi iwiri itatu osamveka pa wailesi. Koma pakati pa othawawo pamakhala ena amene chuma chawo chachikulu ndi kabotolo ka pulasitiki kokhala ndi mapiritsi, pamodzi ndi kakhadi ka kuchipatala. Ndipo awa, akakaiwala kabotoloko patsindwi, kapena madzi akakakokolola, amakhala atataya chinthu chimene mnansi, ngakhale akhale wachifundo chotani, sangawapatse.

Madzi a chigumula amaphwa pakapita masabata, ndipo mwini kabotolo amabwerera ku chipatala chake chomwe chija, kaya ndi chaching'ono cha ku Nsefu, kaya cha ku Kakumbi, kaya cha mishoni ku Kamoto, kumene dzina lake lili m'kaundula ndipo namwino amamdziwa nkhope. Wothawa nkhondo alibe mwayi wotere, pakuti iye amaoloka malire a dziko, nafika kumene kulibe womdziwa, kumene chinenero n'china, malamulo ndi ena, ndipo nthawi zina ngakhale mapiritsi omwe ndi ena. Za anthu oterewa ndizo tikambe m'nkhani ino. Koma kuti timvetse kukula kwa vuto lawo, tiyenera kuyamba tadziwa chimene mapiritsiwo amachita m'thupi.

Chifukwa chake mapiritsi sadumphitsidwa tsiku

Kachilombo ka HIV kakalowa m'thupi kamafunafuna timaselo tina ta m'magazi, timene achipatala amatitcha CD4 ndipo anthu wamba amati asilikali a m'thupi, popeza ndito timatsogolera thupi polimbana ndi matenda. Kakatipeza kamalowa m'kati mwake, kamaswanamo, ndipo potsiriza kamatiwononga. Munthu wathanzi amakhala ndi asilikali oyambira 500 kufika 1,500 m'kadontho kochepetsetsa ka magazi kamene achipatala amayezera. Koma chiwerengerocho chikatsika pansi pa 200, matenda amene thupi likadawagonjetsa mosavuta, monga chifuwa chachikulu, chibayo, kutsegula m'mimba kosatha ndi matenda oumitsa khosi, amalowa motsatizana, ndipo apa ndi pamene timati munthu wadwala Edzi.

Mankhwala amene timawatcha ma ARV sakapha kachilomboka kotheratu. Ntchito yake ndi kukatsekereza kuti kasaswane, kotero kuti munthu womwa mokhulupirika, pakapita miyezi isanu ndi umodzi kapena kucheperapo, tizilombo ta m'magazi mwake timachepa mpaka makina oyezera amalephera kutiona; asilikali amachulukanso, thupi limabwerera mwakale, ndipo munthu wotereyo sapatsira mkazi wake kapena mwamuna wake kachilomboko pogonana. Komatu tizilombo tina timakhala titabisala m'timaselo togona, kumene mankhwala safikako, ndipo munthu akangoleka kumwa timadzuka, kotero kuti pakatha masabata awiri kapena atatu timakhala tadzazanso m'magazi. Mlimi wa ku Nsefu sasowa womuuza tanthauzo la zimenezi, pakuti chimanga ndi mapira zikayamba kukhwima amagona m'chilindo usiku ndi usiku, kusonkha moto ndi kuomba zitini poingitsa njovu. Adziwa kuti njovuzo sizinafe, zangoima m'thengo kudikira, ndi kuti amene analonda miyezi iwiri yathunthu, akasiya munda usiku wowerengeka, akhoza kupeza mapesi okhaokha.

Choopsa choposa kuleka ndicho kumwa modukizaduka, ndipo ichi n'chimene munthu wa paulendo amakopeka nacho. Poona kuti m'botolo mwatsala mapiritsi khumi ndipo sakudziwa kumene adzapeze ena, amayamba kumwa lero n'kupumira mawa, kapena kugawa piritsi pakati, kapena kugawana ndi mnzake amene ake anatsala m'nyumba. Pamenepo mankhwala amakhala ochepa mphamvu m'magazi, osakwana kutsekereza kachilombo koma okwana kukaphunzitsa kudziteteza. Ndipo popeza kachilomboka poswana kamasinthasintha, timene tapirira mankhwala ochepawo ndito timachuluka, mpaka munthu amakhala ndi tizilombo tosamva mankhwala. Piritsi limene ambiri akumwa lero, limene linayamba kuperekedwa ku Zambia mu 2018 ndi ku Malawi mu 2019, limatchedwa TLD chifukwa muli mankhwala atatu, tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, ndipo wachitatuyu ndi wolimba kotero kuti kachilombo sikamuzolowera msanga monga kankachitira ndi mankhwala akale. Ngakhale zili choncho, palinso ngozi ina, yakuti awiri oyambawo amatsekerezanso kachilombo ka matenda a chiwindi a mtundu wa B, ndipo munthu wokhala ndi matenda onse awiri akaleka mwadzidzidzi, chiwindi chikhoza kutupa koopsa.

Alendo a ku Ukwimi

Chigawo cha kummawa kwa Zambia sichikuphunzira lero kulandira othawa nkhondo. Akunda, eni chigwa chino, anthu a mafumu Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi Malama, makolo awo anachita kuoloka Luangwa pobwera kuno, ndipo anaidziwa mikondo ya Angoni a Mpezeni. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi zigawenga za Renamo itafika poipa m'chigawo cha Tete ku Mozambique, anthu anayamba kulowa m'maboma a Chadiza, Katete ndi Petauke, ambiri a iwo Achewa ndi Ansenga okhala ndi abale tsidya lino. Ndipo mu 1987 boma la Zambia, pamodzi ndi bungwe loona za othawa kwawo la UNHCR, linatsegula malo a Ukwimi kumpoto kwa Petauke, m'dera limene lero ndi boma la Lusangazi, kumene anthu pafupifupi 25,000 anapatsidwa malo omanga ndi olima. Ku Malawi kunali koposa, pakuti kumeneko othawa nkhondo yomweyo anapitirira 1 miliyoni.

Chaka chomwecho cha 1987 ndi chimene Pulezidenti Kenneth Kaunda anauza dziko lonse lapansi kuti mwana wake Masuzyo, amene anamwalira mu 1986, anafa ndi Edzi. M'midzi anthu ankangoti kaliwondewonde, ndipo panalibe mankhwala, kwa mlendo kapena kwa mwinimudzi. Wodwala wa ku Ukwimi ankalandira uphungu, mankhwala a chifuwa chachikulu ngati alipo, ndi phala la abale ake. Kenaka ankaikidwa m'manda a dziko la eni. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pofika 1995 pafupifupi onse anali atabwerera kwawo, kusanabwere n'komwe mankhwala ophatikiza atatu, amene anayamba kupulumutsa anthu m'maiko olemera mu 1996, nayamba kuperekedwa kwaulere ku Malawi mu 2004 ndi ku Zambia konse mu 2005.

M'masiku amenewo funso limene anthu ankanong'onezana linali lakuti kodi alendowa sakutibweretsera matenda. Ndipo popeza funsoli likadamvekabe kulikonse kumene kwafika othawa kwawo, liyenera kuyankhidwa. Mu 2007 dokotala Paul Spiegel wa ku UNHCR ndi anzake anafalitsa m'magazini ya The Lancet kafukufuku wa m'maiko asanu ndi awiri a mu Africa amene munali nkhondo, ndipo anapeza kuti pa magulu 12 a misasa, m'magulu 9 othawa kwawo anali ndi HIV yochepa poyerekeza ndi eni dera owazungulira, m'magulu 2 inali yofanana, ndipo m'gulu limodzi lokha ndi mmene inali yochuluka. Chifukwa chake si chovuta kuchimva: nkhondo imatseka misewu ndi malonda, imene ili njira yeniyeni ya kachilomboka, ndipo othawa ambiri amachokera kumidzi yakutali. Wochokera ku Democratic Republic of Congo, kumene okhala ndi HIV sakwana mmodzi pa anthu akuluakulu 100, akafika ku Zambia, kumene kafukufuku wa 2021 anapeza 11 pa 100, ndiye amene ali woyenera kuchenjezedwa. Chotero kumunyoza mlendo pa nkhani imeneyi n'kumunamizira, ndipo kumuyeza magazi mokakamiza pa chipata, kapena kumubweza chifukwa wapezeka nako, n'kumene UNHCR imakana kwamtuwagalu.

Zimene zinaoneka ku Ukraine

Pa 24 Febuluwale 2022 magulu ankhondo a Russia analowa m'dziko la Ukraine, ndipo mwezi wa Malichi usanathe anthu oposa 4 miliyoni anali ataoloka malire, ambiri kulowera ku Poland, ena ku Moldova, Romania, Slovakia ndi Hungary, ndi kupitirira mpaka ku Germany. Popeza boma la Ukraine linaletsa amuna a zaka 18 mpaka 60 kutuluka m'dziko, khamu limene linadzaza siteshoni ya sitima ya Przemyśl ndi chipata cha Medyka linali la amayi, ana ndi okalamba. Tsono Ukraine ndilo dziko lachiwiri ku Ulaya, pambuyo pa Russia, pa kuchuluka kwa okhala ndi HIV, pakuti anali pafupifupi 260,000, ndipo oposa 150,000 mwa iwo anali pa mankhwala. Chotero bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti mwina anthu okwana 30,000 adzafuna ma ARV m'maiko a eni.

Pa 4 Malichi, patangopita masiku 8, maiko a mu mgwirizano wa European Union anagwiritsa ntchito koyamba lamulo limene analilemba mu 2001, lopatsa othawa nkhondo chitetezo cha kanthawi. Ndipo mwa lamulo limeneli wothawa aliyense amene anali nzika ya Ukraine analoledwa kukhala, kugwira ntchito ndi kulandira chithandizo cha kuchipatala, popanda kudikira kuti nkhani yake iweruzidwe payekhapayekha. Amene adziwa zaka zimene othawa a mu Africa amakhala akudikira mapepala awo ayenera kuisunga nkhani imeneyi, pakuti inasonyeza poyera kuti boma likafuna, chitseko cha chipatala chimatseguka m'masiku owerengeka.

Koma chitseko chitatseguka panaoneka chinthu chimene ambiri sanachiyembekeze. Piritsi limene mayi wa ku Kharkiv kapena ku Odesa ankamwa ndi TLD yemweyo amene mayi wa ku Nsefu amamwa, wopangidwa m'mafakitale omwewo a ku India. Izi zili chonchi chifukwa mu 2014 kampani ya ViiV Healthcare, mwini dolutegravir, inapangana ndi bungwe la Medicines Patent Pool kuti makampani ena aloledwe kupanga mankhwalawo motchipa ndi kuwagulitsa m'maiko osauka ndi apakati. Ndipo n'chifukwa chake mtengo wa TLD, umene unali pafupifupi madola 75 pa munthu pa chaka mu 2017, unatsika pansi pa madola 45 mu 2023. Maiko olemera sali m'pangano limenelo. Chotero dokotala wa ku Warsaw kapena ku Berlin, ngakhale anali ndi makina ndi mankhwala amtengo wapatali, piritsi limeneli analibe m'nkhokwe yake, ndipo anayenera kupereka mapiritsi awiri m'malo mwa limodzi, kapena kusintha wodwalayo kumuika pa mankhwala ena ofanana mphamvu. Kwa dokotala kusinthaku kunali kwapafupi. Koma kwa mayi amene wataya nyumba, wasiya mwamuna kunkhondo, ndipo chinthu chokha chosasintha pa moyo wake chinali piritsi lija la tsiku ndi tsiku, kupatsidwa lina la mtundu wina ndi munthu wolankhula chinenero chachilendo kunali chinthu choopsa, ndipo ena anasankha kumatumiziridwa mapiritsi ndi abale pa basi, kapena kubwerera okha ku Ukraine kukatenga.

Mu Epulo 2022 bungwe la WHO, pamodzi ndi madokotala a HIV a ku Ulaya, linakonza ndondomeko yakuti wothawa nkhondo apitirize mankhwala msanga popanda kuyembekeza mapepala, ndi kuti dokotala womulandira, wodwalayo akavomera, apemphe mbiri yake ku likulu la zaumoyo la Ukraine. M'kati mwa dzikomo, mwezi womwewo, mapiritsi a TLD oposa 18 miliyoni ogulidwa ndi thumba la America la PEPFAR anafika ku Lviv, ndipo anthu odzipereka a bungwe la 100% Life, limene ndi la okhala ndi HIV eni ake, anawanyamula m'magalimoto kupita nawo kumizinda imene mabomba anali kugwa. Amene anazunzika koposa ndi a m'madera olandidwa, monga Mariupol, ndiponso amene anatenga kachilombo pobayira mankhwala ozunguza bongo, amene ku Ukraine ndi ambiri. Awa amathandizidwa ndi mankhwala otchedwa methadone, othetsa chibaba kuti munthu akhazikike ndi kumwa ma ARV ake. Koma Russia imaletsa methadone, ndipo italanda Crimea mu 2014 anthu pafupifupi 800 anadulidwa chithandizochi.

Zimene zimaduka panjira

Kuno kwathu nkhaniyi siinathe ndi Ukwimi. Mu 2015 ndi 2016 anthu pafupifupi 10,000 a ku Tete anathawiranso pamudzi wa Kapise m'boma la Mwanza ku Malawi, kenaka ena anasamutsidwira ku Luwani m'boma la Neno. Mu 2018 Zambia inatsegula Mantapala m'boma la Nchelenge chifukwa cha othawa ku Congo, kuwonjezera pa Mayukwayukwa wa 1966 ndi Meheba wa 1971. Ndipo msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994 kuti usunge anthu 10,000 kapena kuposerapo pang'ono, lero uli ndi oposa 50,000. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anasamutsa Amalawi oposa 500,000 m'dziko lawo lomwe. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chimayamba kuduka kwa anthu onsewa ndi chinsinsi. Mayi amene kwawo ankabisa botolo pansi pa zovala m'sutikesi, namwa piritsi ana atagona, tsopano akugona m'kalasi imodzi ndi mabanja makumi awiri, apongozi ake ali pamphasa yoyandikana. Ndipo botolo la mapiritsi limalira likagwedezeka, kulira kumene aliyense masiku ano akukudziwa. Ena amaikamo thonje kapena kansalu, ena amakhuthulira mapiritsi m'kapepala ka shuga n'kumanga pa mfundo ya chitenje, kumene chinyezi ndi kutentha zimawawononga ndipo dzina la mankhwala limatayika pamodzi ndi botolo. Ena amangoleka kumwa. Mumsasa mmene anthu a mudzi umodzi amaima pamzere umodzi, chipatala chikapatula tsiku kapena chitseko cha okhala ndi HIV okha, ambiri sadzafikako, ndipo n'chifukwa chake kuli kwanzeru kuti ma ARV aperekedwe pa zenera lomwelo la mankhwala a malungo ndi a kuthamanga kwa magazi.

Pambuyo pa chinsinsi pamabwera njala. Anthu amati mankhwalawa amafuna chakudya, ndipo n'zoona kuti thupi likayamba kuchira limafuna kudya. Koma TLD angamwedwe ngakhale m'mimba mulibe kanthu, ndipo kumwa ndi njala n'kwabwino kuposa kudumphitsa. Izi ziyenera kunenedwa mobwerezabwereza m'malo monga Dzaleka, kumene chakudya chogawidwa ndi bungwe la World Food Programme chadulidwapo pakati kangapo konse chifukwa cha kuchepa kwa ndalama. Njala yomweyo ndiyo imakankhira atsikana kwa amuna okhala ndi ndalama. Ndipo pamwamba pa izo pali kugwiriridwa, kumene kumatsata nkhondo kulikonse. Aliyense ayenera kudziwa kuti wogwiriridwa akafika kuchipatala maola 72 asanathe, amapatsidwa ma ARV omwa masiku 28 amene angamuteteze kuti kachilombo kasakhazikike. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa akaleka mankhwala, ngozi imagwera ndi mwana yemwe. Ndipo kumene anthu athithikana chifuwa chachikulu chimayenda msanga, chimene mankhwala ake a miyezi isanu ndi umodzi nawonso safuna kudukiza.

Tsiku loyamba pa chipatala cha eni

Zambiri zimatsamira pa mphindi zochepa zimene mlendo amakhala pa benchi pamaso pa namwino. Akafunsidwa kuti, "Mayi, khadi lanu lili kuti?" nayankha kuti, "Linatsala m'nyumba, anamwino, sitinatenge kanthu," namwino wodziwa ntchito yake samubweza, ndiponso samukalipira monga wothawa mankhwala. Amafunsa kuti, "Botolo muli nalo, ngakhale lopanda kanthu? Munkamwa angati patsiku, ndipo munamwa komaliza liti? Kodi anakusinthiranipo mankhwala?" Amatsimikiza ndi kadontho ka magazi a pachala, kamene yankho lake limatuluka pasanathe theka la ola, amafunsa za chifuwa, kutentha thupi, thukuta la usiku ndi kuwonda, amafunsa ngati ali ndi pakati, ndipo ngati palibe chizindikiro cha matenda aakulu, amamupatsa mapiritsi tsiku lomwelo. Ngati wakhala miyezi osamwa, amamuyeza asilikali a m'thupi, ndi kumupatsa Septrin womuteteza ku chibayo ndi matenda a m'mimba. Wopezeka ndi chifuwa chachikulu amafunika dolutegravir wowonjezera madzulo, chifukwa mankhwala a chifuwa otchedwa rifampicin amafooketsa mphamvu yake.

Funso lakuti kodi anakusinthiranipo ndilo lolemera koposa onse. Wodwala woopa kudzudzulidwa amadziyesa watsopano, nayezetsa ngati sanayezetsepo. Ndipo ngati kwawo anali atachotsedwa pa mankhwala oyamba chifukwa analeka kumugwira, kapena chifukwa anamuwononga impso, adzabwezeredwa pa mankhwala omwewo popanda wodziwa. Mawu ofatsa a namwino pa tsiku limenelo ali mbali ya chithandizo chenicheni, pakuti ndiwo amatulutsa mbiri imene khadi lotayika lija likadanena.

Nzeru yochokera ku Tete

Akulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo imodzi mwa njira zabwino koposa zosungira anthu pa mankhwala inachokera ku chigawo chomwe chija chimene chinatitumizira alendo a ku Ukwimi. Mu 2008 odwala a ku Tete, pamodzi ndi bungwe la Médecins Sans Frontières ndi akuluakulu a zaumoyo a kumeneko, poona kuti anthu akuleka mankhwala chifukwa cha kutalika kwa mtunda ndi ndalama ya ulendo, anayambitsa timagulu ta anthu osapitirira asanu ndi mmodzi a mudzi umodzi. Mwezi uliwonse mmodzi amapita kuchipatala, napimidwa iye mwini, napereka mbiri ya anzake, nawatengera mapiritsi onse. Mwezi wotsatira amapita wina, kotero kuti aliyense amaonana ndi dokotala kamodzi pa miyezi isanu ndi umodzi. Patapita chaka ndi kanthu, oposa 97 pa 100 a m'timaguluti anali akadali pa mankhwala, ndipo njirayi inafalikira ku Malawi, ku Zambia ndi kwina. Ubwino wake pa nthawi ya mavuto ndi wakuti pali anthu asanu odziwa mankhwala a mnzawo, amene adzamfunafuna akasowa, ndipo mmodzi wolimba akhoza kuoloka mtsinje pa bwato m'malo mwa onse.

Njira inanso ndiyo kupereka mapiritsi a miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi nthawi imodzi kwa amene tizilombo tawo tagonja, njira imene inakula kwambiri pa mliri wa Covid-19 mu 2020. Kwa munthu wa m'chigwa chino tanthauzo lake n'lakuti akatenge mankhwala mu Novembala kapena kuchiyambi kwa Disembala, mitsinje isanadzaze. Awasunge m'botolo lake lomwe, lokulungidwa m'pulasitiki pamodzi ndi khadi, pamalo pamene dzanja lingafike mumdima. Ndipo wokhala ndi foni ajambule botolo ndi khadi lomwe.

Lamulo, ndalama ndi ulendo wobwerera

Pangano la maiko onse la 1951 lonena za othawa kwawo limafuna kuti wothawa wokhala m'dziko movomerezeka athandizidwe monga nzika pa chithandizo cha boma, ndipo Zambia inakonzanso lamulo lake la othawa kwawo mu 2017, m'malo mwa lakale la 1970. M'zochitika, wothawa kwawo ku Zambia ndi ku Malawi amalandira ma ARV kwaulere kuchokera m'nkhokwe yomweyo ya boma, ndipo zipatala za m'misasa monga Dzaleka ndi Mantapala zimathandizanso eni midzi yozungulira. Koma gawo lalikulu la ndalama zogulira mankhwalawo ndi kulipira alangizi lakhala likuchokera kunja, ku Global Fund imene inayamba mu 2002 ndi ku PEPFAR imene inayamba mu 2003; ndipo boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja mu Januwale 2025, malo ena operekera chithandizo anatsekedwa ndipo alangizi ambiri anaimitsidwa ntchito, omwe aja amene amatsata wodwala kunyumba akaphonya tsiku lake. Anthu osamukasamuka ndiwo amayamba kutayika alangizi oterewa akachoka, chifukwa palibe wina wowalondola.

Ndipo nkhondo ikatha pamabwera ulendo wachiwiri, wobwerera kumudzi, umene ungadule mankhwala monga woyamba uja, pakuti wobwererayo amapeza chipatala cha kwawo chili bwinja, kapena chili mtunda wa masiku awiri. Kaundula wa pakompyuta wa ku Zambia, wotchedwa SmartCare, amathandiza wodwala wochoka ku Mfuwe kupita ku Chipata kapena ku Lusaka, koma sawerengeka ku Tete, ku Mchinji kapena ku Pweto. Chotero chimene chimaoloka malire ndi pepala limene wodwala wanyamula yekha. Chipatala chomutsazika chiyenera kumupatsa mapiritsi a miyezi itatu kapena kuposerapo, ndi kalata yonena chaka chimene anayamba mankhwala, mankhwala amene anamwapo kale ndi chifukwa chowasinthira, ndi zotsatira za kuyeza kotsiriza kwa tizilombo m'magazi. M'kalatamo mayina a mankhwala alembedwe athunthu, osati mwachidule kapena ndi manambala ogwiritsidwa ntchito m'dziko limodzi lokha, pakuti namwino wowerenga Chipwitikizi kapena Chifalansa, ngakhale asamve mawu ena onse a m'kalatamo, adzazindikira tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir.